Icewind Dale: Rime of the Frostmaiden, midzi yokoma koma chisanu chosalowa m'mafupa

Buku ili la masewero a patebulo limati ku Icewind Dale, dziko la m'nthano yake, tsiku wamba kumazizira madigiri 45 a Celsius kunsi kwa ziro, ndipo mphepo ikawomba kumaposa pamenepo. Pa kuzizira kotere, khungu losaphimba limayamba kuuma pasanathe mphindi 10. Koma mukafika pa tsamba la katundu wogulitsidwa m'midzi, mupeza zovala za chisanu pa mtengo wa ndalama zagolide 10 zokha, ndipo lamulo lake likuti bola zovalazo zisanyowe, wovalayo amapambana yekha dayisi iliyonse ya kuzizira. Ndalama 10 ngwazi iliyonse, munthu wa m'nthano amene wosewera amamuyendetsa, imazipeza tsiku loyamba lomwe. Dziko lonse lamangidwa pa chisanu, koma chisanucho chimatha mphamvu osewera asanatuluke n'komwe m'sitolo. Amene akufuna kugula bukuli kuti limuthandize kumanga dziko lake la madzi oundana adziwiretu zimenezi, chifukwa zabwino zili m'menemo n'zambiri, koma ntchito yokonza imene likusiyirani si yochepa.

Icewind Dale: Rime of the Frostmaiden ndi buku la masewero a patebulo a Dungeons & Dragons, la malamulo a mtundu wa nambala 5. Linatuluka mu September 2020 kuchokera ku kampani ya Wizards of the Coast, ndipo amene anatsogolera kulilemba ndi Chris Perkins. Lili ndi masamba 320, chikuto cholimba, mapu aakulu opinda osindikizidwa mbali zonse ziwiri, ndi zilombo zoposa 50 kumapeto. Mtengo wake potuluka unali madola 49.95, ndipo likupezekanso pa D&D Beyond, Roll20 ndi Fantasy Grounds kwa osewera pa intaneti. Limanyamula ngwazi kuchokera pa levelo 1 kufika pa 12 m'mitu 7. Ndemanga ino ndi ya otsogolera masewero, a DM, ndipo iulula zinsinsi za nthanoyi. Ngati ndinu wosewera, lekerani pomwe pano.

Nthano yake ndi iyi. Auril, mulungu wamkazi wa chisanu, amakwera chimbalame choyera usiku uliwonse n'kukaluka matsenga kumwamba kuti dzuwa lisatuluke. Zakhala chonchi kwa zaka zoposa ziwiri. Kuwala kumene kulipo ndi kwa chisisira chabe, kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana, kenako mdima. Njira yodutsa mapiri a Spine of the World kupita kummwera yatsekeka, ndipo midzi khumi yotchedwa Ten-Towns, yomangidwa mozungulira nyanja zitatu za Maer Dualdon, Lac Dinneshere ndi Redwaters, yatsala yokha.

Mutu woyamba, wa midzi khumiyi, ndi umene ukubweza ndalama zanu. Mudzi uliwonse uli ndi mapu ake ndi kabokosi kofotokoza mwachidule: anthu angati, mtsogoleri ndani, asilikali angati, mudzi umene amakangana nawo, ndi nsembe imene amapereka kwa Auril. Palinso zizindikiro zitatu zoyeza kulandira alendo, kupezeka kwa katundu, ndi ubwino wa malo ogona, chilichonse kuchokera pa 1 mpaka 3. Bryn Shander ndiye waukulu, anthu 1,200, wozingidwa ndi mpanda, ndipo mtsogoleri wake ndi Duvessa Shane. Dougan's Hole uli ndi anthu 50 okha okayikira mlendo aliyense. Chimene olemba anachita bwino kwambiri n'chakuti mudzi uliwonse anaupatsa chinthu chimodzi chimene umadyera. Lonelywood amadula mitengo. Termalaine ali ndi mgodi wa miyala yamtengo wapatali. Good Mead amafulula mowa wa uchi. Targos ndi midzi ina ya m'mbali mwa nyanja amapha nsomba yotchedwa knucklehead trout, imene nyama yake amadya ndipo mafupa ake amasema n'kugulitsa. Mukadziwa chimene mudzi umadyera, mwadziwa chimene ungamenyere nkhondo, ndiponso chimene chikasowa anthu angathawire. Amene mukumanga dziko lanulanu, koperani kapangidwe ka kabokosi kameneka monga kaliri, muonjezere mzere umodzi umene bukuli lilibe: nkhuni kapena mafuta amazitenga kuti, ndipo zatsala za masiku angati.

Nsembe ndiye mtima wa bukuli. Bryn Shander, Easthaven ndi Targos amachita maere mwezi ukamalowa mumdima, ndipo amene dzina lake latuluka amamuvula zovala n'kumumangirira pamtengo kapena kumuthamangitsira kuchipululu kuti afe ndi chisanu. Midzi yosatha kutaya munthu imayanika nsomba za tsiku lonse pa thandala kunja kwa mudzi kuti zilombo zidye. Ina imazimitsa moto usiku wonse, anthu n'kugona mothinana kuti afunditsane. Apa chisanu chalowa m'mitima ya anthu, chasintha malamulo a mudzi, chayambitsa ziphuphu pa maere ndi udani pakati pa anansi. Chodandaulitsa n'chakuti bukuli limangozitchula n'kupitirira. Silikupatsani chochitika chokonzeka cha tsiku la maere choti muyike patsogolo pa osewera. Chikonzeni nokha: pofika masewero achitatu kapena achinayi, dzina la munthu amene osewera amukonda, mwina mwini nyumba imene amagona, lituluke pa maere iwo ali pomwepo. Musawauze chochita. Chisisira chikatha munthuyo amutulutsa, ndipo maola 4 aja asanduka wotchi.

Mudzi uliwonse uli ndi ntchito yakeyake yopatsa ngwazi, ndipo zambiri n'zotheka kumaliza pa kukumana kumodzi kwa maola atatu kapena anayi. Ku Bremen kuli chilombo cha m'nyanja cholankhula, ku Lonelywood kuli chimphalapala choyera chosaka alenje, ku Targos mumakwera phiri la Kelvin's Cairn kukafuna wotsogolera njira amene galu wake wabwerera yekha. Izi mungathe kuzizula n'kukazidzala m'dziko lina lililonse lozizira osasintha kanthu kupatula mayina. Chenjezo limodzi: ntchito yoyambira yosaka wakupha wotchedwa Sephek Kaltro si ya ngwazi za levelo 1. Mabala ake amadzipola okha akakhala pozizira, ndipo lupanga lake likhoza kugwetsa ngwazi yatsopano pa ulendo umodzi. Apatseni osewera nkhaniyo tsiku loyamba, koma asakumane naye mpaka afike levelo 3.

Tibwerere ku chisanu. Lamulo limene bukuli latenga mu Dungeon Master's Guide ya 2014 likuti munthu akakhala panja pozizira madigiri 18 kunsi kwa ziro kapena kuposa, pakutha pa ola lililonse aponye Constitution saving throw, dayisi ya mbali 20 yoyesa kulimba kwa thupi, ya DC 10, kutanthauza kuti afike pa 10 kapena kuposa, ndipo akalephera alandira sitepe imodzi ya exhaustion, kutopa. Masitepewa ndi 6. Yoyamba imakulemetsa pa ntchito zonse za luso, yachiwiri imadula liwiro pakati, yachitatu imakulemetsa pomenya ndi pa ma saving throw, yachinayi imadula pakati hit points, nambala ya moyo wa ngwazi, yachisanu sutha kuyenda, yachisanu ndi chimodzi wafa. Kugona usiku wonse utadya ndi kumwa kumachotsa sitepe imodzi yokha. Tiwerengere ngwazi ya Constitution +1, yoonjezera 1 pa dayisi yake. Imalephera dayisi ikagwa pa 1 mpaka 8, ndiye kuti maulendo 40 pa 100 alionse. Ikayenda maola 8 osavala, ikhala italandira masitepe atatu kapena kuposa, ndipo ikangofika pa yachitatu imayamba kuponya madayisi awiri n'kutenga yochepa, mwayi wolephera n'kukwera kufika 64 pa 100. Tsiku lachiwiri silitha ili moyo. Lamuloli lili ndi mbali ziwiri zokha: wosavala amafa msanga, wovala samva kanthu. Pakati palibe, pamene masewero okoma amachitikira pakati pomwepo, munthu akadali moyo koma akuona kuti mphamvu zikutha.

Kukonza kwake kosavuta ndi uku. Zovala za chisanu zisamapambanitse zokha, koma zizipatsa advantage, kuponya madayisi awiri n'kutenga yaikulu. Kwa ngwazi ija ya +1, mwayi wolephera utsika kufika 16 pa 100. Musaponyetse ola lililonse, chifukwa kuponya kasanu ndi katatu pa tsiku kumabala sitepe imodzi ndi kachigawo, pamene tulo timachotsa imodzi yokha, ndiye gulu lizingomira pang'onopang'ono ngakhale lichite zonse bwino. Pa tsiku labata, ponyetsani kawiri: pakati pa ulendo ndi pomanga msasa. Pamenepo munthu amalandira sitepe imodzi pafupifupi pa masiku atatu alionse, zokwanira kuti osewera azikumbukira kuti kunja kukuzizira. Kuponya kwa ola lililonse kusungireni namondwe ndi pamwamba pa mapiri. Kenako tsegulani khomo lotulukira: ola limodzi pamoto, m'malo otchingidwa mphepo, ndi chakudya chotentha, lichotse sitepe imodzi yobwera ndi chisanu, kamodzi pa tsiku. Mukatero moto wasanduka chuma, ndipo osewera ayamba kukambirana okha ngati aime kapena apitirire. Amene mukugwiritsa ntchito malamulo atsopano a masewerowa a 2024 kumbukirani kuti kumeneko sitepe iliyonse imachotsa 2 pa dayisi ya d20 ndi mafiti 5 pa liwiro, ndiye kutsetsereka kumayamba pa sitepe yoyamba. DC muisiye pa 10, musaikweze.

Mawu akuti bola zisanyowe ndi chogwirira chabwino chimene olemba anachisiya osachikoka. Kumaiko ozizira enieni, chimene chimanyowetsa zovala kawirikawiri ndi thukuta la mwini wake. Munthu akakoka katundu kapena kuthamanga, thukuta limalowa m'zovala, akaima limaundana. Anthu a mtundu wa Inuit amasoka zovala ziwiri za zikopa za caribou, nyama yonga mbawala ya kumaiko ozizira, yamkati ubweya kuloza kuthupi, yakunja ubweya kuloza panja, ndipo amazisiya zomasuka kuti mpweya wonyowa uzituluka. Pa tebulo, lamulo likhale lalifupi: nkhondo yopitirira ma round atatu, kukumba chipale, kapena kukoka ngolo ndi manja kwa ola, munthuyo wanyowa, ndipo advantage ija yapita mpaka ataumitsa zovala pamoto kwa ola limodzi. Nkhondo iliyonse ya m'chipululu ikhala ndi mtengo wake ngakhale ngwazi zipambane popanda bala. Za kugwera m'madzi, lamulo la bukuli limalola munthu kukhalamo mphindi zofanana ndi nambala yake ya Constitution asanayambe kuvutika, ndipo ili silili kutali ndi zoona: m'madzi ozizira kwambiri munthu amakhala ndi mphindi pafupifupi 10 manja ndi miyendo zisanaleke kumumvera. Chimene muyenera kuonjezera ndi makulidwe a madzi oundanawo. Masentimita 10 a ayezi woyera amanyamula munthu woyenda pansi. Pamene mtsinje ukulowa kapena kutuluka m'nyanja amakhala wopyapyala, ndipo apo ndi pamene muyike ngozi pa mapu anu.

Malamulo a namondwe wa chipale ndi abwino, sitingawachotsere kanthu. Namondwe amatenga maola 2d4, madayisi awiri a mbali zinayi, ndiye kuti maola 2 mpaka 8. Maso amaona mafiti 30 okha, makutu amamva mafiti 100, moto wosatchingidwa umazima, mapazi amafufutika, mivi imaphonya, ndipo wopanda magalasi oteteza maso amavutika kuona. Wotsogolera njira amaponya Survival ya DC 15 ola lililonse, ndipo akalephera gulu limasochera, akalephera kwambiri gulu lisanamangane pa chingwe, mmodzi n'kutayika yekha. Lamulo la chingwe limeneli ndi laling'ono koma limasintha khalidwe la osewera kuposa chilombo chilichonse: akataya mnzawo kamodzi, sadzatulukanso m'mudzi opanda chingwe. Malamulo a chigumukire cha chipale m'mapiri nawonso ndi omveka ndipo amatheka kuwasewera osatsegulatsegula buku.

Pa agalu ndi pomwe manambala asokonekera. Tebulo la maulendo likuti ngolo yotsetsereka yokokedwa ndi agalu imayenda mailo imodzi pa ola, mailosi 8 pa tsiku. Woyenda pansi atavala nsapato zotambalala za pa chipale amayenda theka la mailo pa ola, wopanda nsapatozo kota, ndipo m'mapiri zonsezi zimadulidwanso pakati. Pa tsamba lina bukuli likuti galu akakoka kwa ola limodzi apume, apo ayi alandira sitepe ya exhaustion, ndipo kupuma kwakufupi m'malamulo amenewa ndi ola lathunthu. Phatikizani ziwirizi: mailo imodzi pa maola awiri, liwiro lomwe lija la munthu wa nsapato za ndalama 2. Komatu galu mmodzi ndi ndalama 50 ndipo ngolo ndi 20, kotero agalu 6 ndi ngolo yawo ndi ndalama 320. Galu mmodzi amakoka mapaundi 360 pamene ngolo yopanda kanthu ikulemera 300, ndiye wogula galu mmodzi watsala ndi malo a makilogalamu 27 okha. Agalu enieni sali choncho. Mu 1925, mankhwala a matenda a diphtheria anawanyamula kuchokera ku Nenana kupita ku Nome ku Alaska, mtunda wa mailosi 674, m'masiku asanu ndi theka, oyendetsa agalu 20 akulandirizana pakati pa nyengo yozizira ndi mdima. Pamenepo ndi mailosi opitirira 5 pa ola. Ife tikulangiza mailosi 3 pa ola pa njira yopondedwa pakati pa midzi, 2 m'chipululu, imodzi m'mapiri, ndi kupuma ola limodzi pakatha maola 4. Mtengo wa liwiroli ukhale chakudya: kilogalamu imodzi ya nsomba kapena nyama pa galu aliyense pa tsiku. Agalu 6 pa ulendo wa masiku 10 ndi makilogalamu 60, m'dziko limene anthu akugona ndi njala. Roald Amundsen ananyamuka ndi agalu 52 popita ku South Pole mu 1911 nabwerera ndi 11, ambiri ataphedwa kuti adyetse anzawo ndi anthu omwe. Funso loti galu uti aphedwe ndi lolemera pa tebulo kuposa nkhondo zambiri za m'bukuli.

Madzi akumwa ndi moto ndi chinthu chimodzi m'dziko lotere, ndipo otsogolera masewero ambiri amaiwala chifukwa chipale chili ponseponse. Chipale chongogwa kumene cha malita 10 chimapereka madzi pafupifupi lita imodzi. Malamulo amati munthu amwe galoni imodzi pa tsiku, pafupifupi malita 4, kotero gulu la anthu anayi lifuna malita 15 kapena 16, ndiye kuti ndowa za malita 20 zisanu ndi zitatu zodzaza chipale. Kusungunula kilogalamu imodzi ya ayezi kumadya moto wofanana ndi kutenthetsa madzi omwewo kuchokera pa ziro kufika pa madigiri 80. Kudya chipale chosasungunula kumaziziritsa thupi kuchokera mkati. Kuwerengera kwathu ndi mabotolo awiri a mafuta a nyale pa usiku umodzi kwa anthu anayi, limodzi la madzi, lina lophikira ndi kuumitsa zovala, kapena mtolo umodzi waukulu wa nkhuni. Mu Player's Handbook botolo ndi ndalama yasiliva imodzi. Ku Ten-Towns likwezeni katatu, ndipo m'midzi ing'onoing'ono asagulitse oposa 6 kwa mlendo. Kumpoto kwa dziko lathu lenileni, kumene mitengo simera, a Inuit ankadalira qulliq, nyale yosemedwa pa mwala wofewa yoyaka mafuta a nyama za m'nyanja, yowunikira, kuphikira ndi kuumitsa zovala. Dziko lanu lozizira lisankhe chimodzi: nkhuni, mafuta a anamgumi, kapena malasha a pansi pa phiri. Amene wagwira chinthu chimenecho ndiye mfumu yeniyeni ya dzikolo. Ku Icewind Dale, kuganiza motere kumasandutsa Lonelywood, kamudzi ka anthu ochepa kokhala m'mbali mwa nkhalango, kukhala malo amene midzi ikuluikulu ingalimbirane.

Zaka ziwiri zopanda dzuwa ndi chinthu chimene wosewera woganiza adzakufunsani, ndipo bukuli silikupatsani yankho logwira. Ku Utqiaġvik ku Alaska dzuwa limalowa pakati pa November n'kudzatulukanso chakumapeto kwa January. Ku Longyearbyen ku Svalbard limasowa kuyambira kumapeto kwa October mpaka pakati pa February. Anthu ndi nyama amapirira chifukwa chilimwe chimabwera ndi dzuwa losalowa, zomera za m'madzi n'kuchuluka, nsomba n'kunenepa, caribou n'kudya n'kusunga mafuta, anthu n'kuyanika nyama. Chotsani chilimwe kawiri motsatizana, zonsezi zatha. Nyanja yophimbidwa ndi ayezi wokhuthala ndi chipale kwa nthawi yaitali imatha mpweya, nsomba n'kufa. Ndere zimene caribou zimakumba pansi pa chipale sizimera, ndiye mafuko a Reghed otsatira ziwetozo alibe chotsatira. Njuchi za ku Good Mead zitenga kuti maluwa? M'dziko lathu, chilimwe chimodzi chokha chitalephera mu 1816, phiri la Tambora litaphulika chaka chapitacho, mbewu zinafa ku Ulaya ndi ku North America ndipo kunagwa njala. Icho chinali chilimwe chozizira chabe, dzuwa likutuluka.

Njira yabwino ndi kufupikitsa nthawi. Nenani kuti chilimwe chatha chinali chachifupi ndi chofooka, ndipo chaka chino dzuwa linayenera kutuluka miyezi itatu yapitayo koma silinatuluke. Nkhokwe zikutha tsopano lino, osewera akuona. Maere a nsembe achitika kawiri kapena katatu kokha, kotero anthu akadakangana za iwo, sanazolowere. Lembani pa pepala masabata a chakudya otsala m'mudzi uliwonse, mwachitsanzo 12 ku Bryn Shander ndi 4 ku Dougan's Hole, muzichotsa imodzi sabata iliyonse ya m'nthano, ndipo ntchito imene ngwazi zamaliza izionjezera awiri kapena atatu. Chakudya chikayamba kuchepa, onetsani chiseyeye: nkhama zotupa, mano ogwedera, mabala akale otsegukanso. Mafuko a m'chipululu odya nyama yaiwisi ndi chikopa cha namgumi sadwala nthendayi, monga zinalili ndi a Inuit, ndipo chimenecho ndi chifukwa chabwino choti anthu a m'midzi akagwade kwa anthu amene amawanyoza.

Matsenga amathanso kuzimitsa zonsezi. Goodberry, tsenga la levelo 1, limabala zipatso 10 ndipo chimodzi chimakhutitsa munthu tsiku lonse. Leomund's Tiny Hut, limene ngwazi imapeza pa levelo 5, limamanga kanyumba kofunda ndi kouma kwa maola 8, ndipo likhoza kuchitidwa ngati mwambo osataya mphamvu iliyonse. Create Food and Water limapereka mapaundi 45 a chakudya ndi magaloni 30 a madzi. Mtundu wa goliath, anthu aatali a m'mapiri, umene uli m'buku lomweli suvutika ndi kuzizira mpang'ono pomwe. Musawaletse matsengawa mobisa masewero ali pakati, osewera amakhumudwa ndipo ali ndi chifukwa. Kambiranani tsiku loyamba. Goodberry ifune kanthambi katsopano kamene kamatha tsenga likachitika, ndipo kanthambiko kazipezeka kunkhalango kokha. Kanyumba ka matsenga kalekeni kagwire ntchito, koma kumbukirani kuti ndi ka anthu ochepa, agalu 6 ndi ngolo sakwanamo onse. Ndipo vomerezani kuti kuyambira levelo 5 chisanu sichiopsezanso ngwazi zenizenizo. Chiziopseza anthu amene ngwazi zikuwaperekeza, ndi midzi imene zaisiya m'mbuyo.

Za mdima, lamulo lilipo kale koma limaiwalika. Mitundu yambiri yoona mumdima imaona mafiti 60 okha, zotuwa zokhazokha, ndipo imaona ngati kuli chisisira, kutanthauza disadvantage, kuponya madayisi awiri n'kutenga yochepa, pa Perception, luso lozindikira zinthu, ndi kuchotsa 5 pa passive Perception, nambala ya lusolo yosaponyera dayisi. Lembani nambala yochotsedwayo patsogolo panu. Nyale imathetsa vutoli, koma nyale m'chipululu chathyathyathya imaoneka patali kwambiri.

Theka lachiwiri la bukuli silifika pa loyamba. Mutu wachiwiri udakali wabwino, malo omwazikana m'chipululu monga ndende ya Revel's End, chombo cha Dark Duchess chogwidwa mu ayezi kumene chinjoka chokalamba Arveiaturace chimabwera, ndi Angajuk, namgumi wolankhula wonyamula anthu pamsana. Vuto liyamba pa mutu wachitatu ndi wachinayi. Ngwazi zikafika pa linga la Xardorok Sunblight, mfumu ya a duergar, anthu aafupi a pansi pa nthaka, zimaona chinjoka chosulidwa ndi chardalyn, mwala wakuda wa matsenga, chikuuluka kupita kukaononga midzi, kuyambira ku Dougan's Hole kukathera ku Bryn Shander. Osewera amafunsidwa kusankha kulowa m'linga kapena kuthamangira chinjoka, koma ndi liwiro la m'buku, ngakhale atembenuke nthawi yomweyo apeza midzi yambiri ili phulusa. Kwa osewera amene atha miyezi akudziwana ndi anthu a m'midzimo, izi zimapweteka popanda phindu, chifukwa panalibe chimene akanachita. Liwiro la agalu limene tapereka pamwambapa likuchepetsa vutoli. Chinanso, aloleni atumize uthenga kapena achenjeze midzi asananyamuke, kuti funso likhale loti apulumutsa midzi iti.

Auril mwini wake saoneka mokwanira mpaka mutu wa nambala 5, pa chilumba cha Solstice, ndipo mfiti Vellynne Harpell, amene amakokera ngwazi ku mapanga a Caves of Hunger ndi mzinda wakale wa Ythryn pansi pa chimulu cha ayezi cha Reghed Glacier, amangotulukira mochedwa ngati mlendo wofuna kukhulupiriridwa. Muonetseni m'mudzi wina kuyambira levelo 2, akugula agalu kapena akufunsa za mfiti zinzake. Auril naye azioneka patali, chithunzi cha mutu wa kadzidzi pamwamba pa chitunda namondwe asanayambe. Ythryn ndi malo okongola kuwerenga, koma ndi nthano ina, ya mfiti zakale, ndipo chisanu sichikhudzanso kanthu kumeneko. Gulu limene likufuna nthano ya chisanu yokha likhoza kuthera pa Solstice pa levelo 8 kapena 9 osataya kanthu kofunika.

Amene akufuna buku loti angotsegula n'kuwerengera osewera, ili limuvutitsa. Amene akufuna nkhokwe yotapamo midzi, anthu, zilombo ndi mapu kuti amange dziko lake lozizira, masamba a mutu woyamba ndi wachiwiri okha akukwanira mtengo wake. Zinsinsi za ngwazi zimene zili kumapeto, zoti wosewera aliyense atenge chimodzi mobisa, n'zothandiza, koma ziwerengeni zonse musanagawe, chifukwa zina n'zopepuka pamene zina zikhoza kupha ngwazi kapena kugawanitsa gulu, ndipo si tebulo lililonse lingazilandire. Mapu aakulu aja ali ndi mayina a malo amene osewera sayenera kuwadziwa poyamba, choncho mbali ya chipululu muisunge kwanu. Osewera muwajambulire mapu awo pa pepala, midzi khumi, nyanja zitatu, phiri limodzi, ndi maola a ulendo pakati pa mudzi ndi mudzi olembedwa ndi liwiro limene mwasankha, kwinako musiye poyera kuti azidzaza okha akamayenda.